Funsani a Namwino: "Awapeza ndi staph m'mphuno, koma akuti sakudwala"

FUNSO

Zikomo a Namwino. Amuna anga ali ndi zaka 52, ali ndi matenda a shuga, ndipo impso zawo zinasiya kugwira ntchito chaka chatha. Amakasefetsa magazi pamakina katatu pa sabata kudzera m'kapaipi kamene anawaika pachifuwa, m'munsi mwa khosi. Sabata yatha anawapisa kathonje m'mphuno, ndipo zotsatira zitabwera akuti ali ndi kachilombo kotchedwa staph. Chondidabwitsa n'chakuti sanawapatse mapiritsi kapena jakisoni, koma kamankhwala kopaka m'mphuno basi, n'kuwauza kuti sakudwala. Munthu angakhale ndi kachilombo koma osadwala? Kodi anakatenga kuchipatalako, kapena ndinawapatsira ndine? Panopa adzukulu ndawaletsa kuwayandikira, ndipo kapu ndi mbale ndawapatulira zawozawo. Za fistula adokotala akhala akunena, koma bambowa akukana, akuti akuopa singano. Ndithandizeni.

Mayi wa nkhawa

YANKHO

Mayi, kapu ndi mbale zija zibwezereni pomwe zimakhala, ndipo adzukulu asiyeni azicheza ndi agogo awo. Amene anakuuzani kuti bambo sakudwala sananame. Komabe musafulumire kuugwira mtima, chifukwa m'kalata yanuyi muli chinthu chimene chandidetsa nkhawa kuposa mphunoyo. Ndi mawu omalizira aja, a fistula, njira ya pamkono yolumikizira makina m'malo mwa kapaipi kaja. Ndifikako.

Dzina lake lonse ndi Staphylococcus aureus, koma kuchipatala timangoti staph. Ndi bakiteriya, ndipo si wachilendo kwa aliyense wa ife. Zithupsa zambiri, sokera wa pachikope, bala lotukusira lotuluka mafinya achikasu, kawirikawiri woyambitsa ndi yemweyu. Dokotala wa maopaleshoni wa ku Scotland, Alexander Ogston, anamuona m'mafinya a odwala ake kale mu 1880. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amayenda naye m'mphuno ali bwinobwino, akugwira ntchito zake, osamva kalikonse. Amakonda kutsogolo kwenikweni kwa mphuno, pomwe chala chimafika, komanso amapezeka kummero, kukhwapa ndi m'mphechepeche. Pali anthu amene amakhala naye zaka ndi zaka, ena amawabwerera n'kuchoka yekha, ena sawakhala n'komwe. Ineyo amene ndikukuyankhani ndikhoza kukhala naye lero lino, inunso chimodzimodzi.

Malinga ngati ali kunja kwa khungu, staph sachita kanthu. Khungu lili ngati mpanda: za kunja zimathera kunja. Vuto limayamba mpandawo ukabooka, ndipo munthu wa dialysis, kusefetsa magazi pamakina kuja, mpanda wake timauboola ndife tomwe, mwadala, chifukwa palibe njira ina yofikira magazi ake.

Zoti anamutenga kuti, zisiyeni, zingokusowetsani tulo. N'kutheka kuti akhala naye kuyambira impso zisanavute, kungoti panalibe amene anawayeza. Kafukufuku wina wa ku Germany, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2001, anayerekeza staph wopezeka m'magazi a odwala ndi wa m'mphuno mwa odwala omwewo. Mwa odwala oposa 80 pa 100 alionse anali yemweyo ndithu. Ndiye kuti nthawi zambiri munthu sapatsiridwa ndi mkazi wake kapena mnzake wa pampando woyandikana nawo. Kachilombo kamachokera pathupi lake lomwe. Chala chipita m'mphuno, chala chomwecho chikakanda pachifuwa pomwe bandeji ikuyabwa, basi kafika. N'chifukwa chake anawayeza mphuno pomwe mphunoyo sinawavutepo.

Odwala a dialysis amapezeka ndi staph m'mphuno kawirikawiri kuposa anthu ena, ndipo akakhala a shuga ngati bambowa zimanyanyira. Impso zikafooka, zoipa zotsalira m'magazi zimalefula asilikali a m'thupi. Shuga wokwera amawalefulanso. Khungu limauma n'kumayabwa usiku wonse, munthu amadzikanda mpaka timabala tosaoneka ndi maso. Pamwamba pa izo, katatu pa sabata amakhala kuchipatala maola anayi, akugwiridwa ndi manja osiyanasiyana.

Bungwe la CDC, loona za kupewa matenda ku America, linatulutsa lipoti mu 2023 limene ife a ntchito imeneyi timalitchula kawirikawiri. Linapeza kuti kuyambira 2017 mpaka 2020, akuluakulu a dialysis ankadwala staph wa m'magazi kuwirikiza ka 100 poyerekeza ndi akuluakulu amene sali pa dialysis. Mu 2020 mokha, zipatala za dialysis za m'dzikolo zinalemba matenda a m'magazi oposa 14,000, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu anali a staph. Koma nambala imene ndikufuna bambo aimve ndi iyi: odwala okhala ndi katheta chiopsezo chawo chinali kuwirikiza pafupifupi ka 6 kuposa okhala ndi fistula.

Katheta ndi kapaipi kamene mukunenako. Inu mumaona timapaipi tiwiri tolendewera pachifuwa, kena ka chotsekera chofiira kena cha buluu. Mbali imene simuiona imadutsa pansi pa khungu, kulowa mumtsempha waukulu wa pakhosi, n'kutsika mpaka nsonga yake ikafike pakhomo penipeni pa mtima. Dialysis ikatha siichotsedwa, imakhala momwemo usana ndi usiku. Staph amalowa m'njira ziwiri: kutsata kunja kwa paipi kuchokera pakhungu, kapena kudzera mkati pamene tatsekula zotsekera zija kuti tilumikize makina. Akafika pa pulasitiki amamatirira, n'kuswana, n'kudzikuta ndi zinthu zonanda zimene mankhwala amavutika kuzibowola. Asilikali a m'thupi nawonso safikamo. N'chifukwa chake staph akapezeka m'magazi a munthu wa katheta, adokotala pafupifupi nthawi zonse amaichotsa katheta, ngakhale wodwala achonderere kuti ikugwira ntchito bwino.

Ndikufotokozereni mmene zimaonekera, kuti mukadzaziona musadzazengereze. Munthu amabwera m'mawa akuyenda yekha, apereka moni, akwera pa sikelo, timulumikiza. Makina atayenda kwa kanthawi, amapempha bulangeti. Mukam'patsa, apempha lina. Kenaka mano amayamba kugundana, thupi lonse kunjenjemera mpaka mpando kugwedera, BP n'kuyamba kutsika. Chachitika n'chakuti magazi othamangawo akokolola tizilombo tomwe tinamatirira mkati mwa paipi n'kutimwaza thupi lonse. Namwino wa dialysis akaona zimenezi sadikira kuti thupi litenthe kaye. Amathamangira mabotolo otengera magazi opita ku labu.

Choipa cha staph n'chakuti akalowa m'magazi sangoyendayenda, amafuna pokhazikika. Amakonda mavavu a mtima, mafupa a msana, ndi polumikizana mafupa monga bondo kapena phewa. Munthu akhoza kuoneka ngati wachira, patapita milungu n'kuyamba kudandaula msana umene sunamuvutepo, kumene kuli chithupsa chakuya pafupi ndi mitsempha ya miyendo. Mwa anthu amene staph wawalowa m'magazi, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse amamwalira ngakhale alandire chithandizo. Nambala yowawa, koma ndi bwino muimve kwa ine pano kusiyana ndi kudzaimvera mu wodi. Chithandizo chake si cha masiku atatu ayi. Ndi mankhwala a mumtsempha kwa masiku osachepera 14, ndipo ngati wafika pamtima kapena m'mafupa, milungu 4 mpaka 6. Amabwerezanso kuyeza magazi mpaka aone kuti ayera, ndipo ambiri amawaunika mtima. Mwayi wake ndi wakuti mankhwala monga cefazolin ndi vancomycin amatheka kuperekedwa pamakina pomwepo, dialysis ikamatha.

Tibwere ku kamankhwala kopaka kamene kakuoneka kochepa m'maso mwanu. Kawirikawiri amakhala mupirocin, wopaka kawiri pa tsiku kwa masiku asanu, ndipo zipatala zina zimawonjezerapo sopo wamadzi wa chlorhexidine wosambira. Kapakidwe kake: asambe m'manja, aike kadontho pa kathonje koyera, apake mkati mwa bowo lililonse la mphuno kutsogolo kuno, osati kuzamitsa, kenaka afinye mphuno ndi zala ziwiri kuti mankhwala afalikire, n'kusambanso m'manja. Amagwira ntchito, mwa anthu ambiri staph amatheratu m'mphuno masiku asanuwo akakwana. Koma sapita mpaka kalekale. Pakatha miyezi ingapo ambiri amapezeka nayenso, ndipo zikadzatero musadzaganize kuti pali amene walakwitsa. Zipatala zina zimayezanso n'kubwereza mankhwala, zina zili ndi ndondomeko yake. Chimene ndikukupemphani n'chakuti chubu chikatsala musachisunge kuti bambo azipaka akafuna. Staph akazolowera mupirocin amasiya kufa naye, ndiye tsiku limene tidzamufune zenizeni adzakhala wopanda ntchito.

Za mapiritsi ndi jakisoni, maganizo anga ndi akuti anachita bwino kusawapatsa. Ndimakumana ndi achibale amene amaona ngati wodwala wawo wanyozedwa akapanda kupatsidwa mankhwala amphamvu, ena mpaka kukagula okha maantibayotiki. Munthu amene sakudwala mukam'mwetsa mankhwala otere mumapha mabakiteriya abwino a m'matumbo ndi a pakhungu, n'kusiya olimba okhaokha kuti aswane. Kwa munthu amene impso zake sizigwira ntchito kulinso vuto lina: mankhwala ambiri amatulukira mumkodzo, ndiye mwa iye amaunjikana n'kusanduka poizoni ngati mulingo wake sunawerengedwe ndi dokotala.

Kunyumba ntchito yanu yaikulu ili pa bandeji. Ikhale youma ndiponso yomatirira mbali zonse. Posamba madzi asathiridwe pachifuwa, ndipo zolowa m'madzi thupi lonse aziiwale mpaka katheta itachoka. Ikanyowa kapena ikamatuka, musaisiye kuti "mawa tikupitako kale". Phimbanipo ndi goozi woyera mutasamba m'manja, n'kuwadziwitsa a ku dialysis tsiku lomwelo. Zotsekera zija asazitsekule wina aliyense amene si wa dialysis, ngakhale wachipatala amene akusowa mtsempha woika dripi, pokhapokha moyo uli pachiswe. Zikhadabo zawo zikhale zazifupi. Ngati kuyabwa kukuwasowetsa mtendere akanene, chifukwa nthawi zambiri kumagwirizana ndi mchere wa phosphate wokwera m'magazi kapena khungu louma, ndipo zonsezi zili ndi chithandizo. Ngati mukufuna chowapatulira, patulani tawulo ndi lezala, osati kapu. Wina pakhomo akakhala ndi chithupsa kapena bala la mafinya, alimange ndipo asakhale iye wosamalira agogo mpaka litapola. Kugona chipinda chimodzi, kudyera pamodzi, kunyamula mdzukulu, zonsezo palibe choletsa.

Kuchipatala nakonso maso anu akhale patsogolo. Polumikiza ndi pochotsa makina, namwino ndi wodwala onse awiri avale masiki, bambo atembenuzire nkhope kumbali ina, ndipo nkhani ziyambe zadikira, pakuti mphuno ndi pakamwa zili pafupi kwambiri ndi paipi yotsekulayo. Namwino asambe m'manja kapena apake mankhwala a m'manja, avale magolovesi atsopano, ndipo pakamwa pa paipi apukute mokhula ndithu, osati kungogunda ndi thonje. Tsiku lodzaza odwala, munthu wotopa akhoza kudumpha chimodzi mwa izi. Bambo ali ndi ufulu wonena mwaulemu kuti, "Asisi, mwasintha magolovesi?" Namwino wodziwa ntchito yake sakwiya nazo, amadziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku: kutentha thupi, kuzizidwa kapena kunjenjemera, kufooka kwadzidzidzi, kuyankhula zosokonekera, kapena kufiira, kutupa, kupweteka ndi mafinya pamene katheta yatulukira. Dziwani kuti odwala impso ambiri thupi lawo silitentha kwambiri ngakhale matenda atakula, choncho musadikire kuti afike potentha ngati moto. Cholakwika chimene chimatipweteketsa kwambiri n'choti munthu wamwa paracetamol, thupi lazizira, iye n'kumati anali malungo wamba kapena chimfine, n'kudikira tsiku lake la dialysis. Masiku awiri amenewo staph amakhala akuswana. Mukafika kuchipatala, mawu oyamba akhale akuti, "Ali ndi katheta ya dialysis ndipo akuzizidwa," ndipo mufunse ngati magazi a ku labu atengedwa mankhwala asanayambe, chifukwa akatengedwa pambuyo kachilombo kamabisala.

Ndime zotsatirazi muwawerengere bambo, kapena muwapatse awerenge okha.

Bambo, singano za dialysis ndi zazikulu, ndipo sindikunamizani kuti sizipweteka. Zimakhala ziwiri ulendo uliwonse, kutanthauza zoposa 300 pa chaka. Mantha anu ndikuwamvetsa, ndipo simuli nokha. Amuna ambiri amene amati "katheta ikundikwanira" chenicheni chimakhala chomwechi. Koma taganizani zimene mukusinthanitsa. Fistula ndi opaleshoni yaing'ono ya pamkono, yolumikiza mtsempha wochokera kumtima ndi wobwerera kumtima, kuti wobwererawo ukule n'kulimba mokwana kulandira singano. Njirayi anaiyambitsa madokotala a ku New York, James Cimino ndi Michael Brescia pamodzi ndi anzawo, ndipo anailengeza mu 1966. Mpaka lero palibe ina yoiposa pa nkhani ya matenda a m'magazi, pa chifukwa chosavuta kumva: mulibe pulasitiki, zonse ndi mnofu wanu, ndipo singano ikachoka khungu limatseka. Katheta ndi yotsekula tsiku lonse, sabata yonse. Fistula imatsekuka maola anayi okha.

Ululu wa singano ndi wa kamphindi, ndipo pali kirimu wochititsa dzanzi amene mumapaka pafupifupi ola limodzi musanabayidwe. Odwala ambiri pakapita miyezi amasiya okha kumupempha. Ndipo pali china chimene a fistula amandiuza kawirikawiri, chimene sichilembedwa m'malipoti: kusamba thupi lonse momasuka, madzi kuyenderera pachifuwa popanda mantha.

Chifukwa chimene ndikukukakamizirani lero osati chaka chamawa n'chakuti fistula siigwiritsidwa ntchito tsiku limene yapangidwa. Imafuna milungu 6 mpaka miyezi itatu kuti ikhwime, nthawi zina kuposerapo, ndipo ina imakana n'kufunika kupangidwanso. Nthawi yonseyo mudzakhala mukadali ndi katheta. Ndiye mwezi uliwonse umene mukuzengereza ukuwonjezera pa miyezi imene simungaithawe kale. Katheta yokhalitsa imawononganso mitsempha ikuluikulu ya pachifuwa, kuipanikiza, mwakuti fistula ya mkono wa mbali imeneyo imadzavuta. N'zoona kuti si aliyense angakhale ndi fistula. Ena mitsempha yawo ndi yopyapyala kwambiri, makamaka a shuga, ena mtima wawo ndi wofooka. Kwa otere pali graft, kapaipi kofewa koikidwa pansi pa khungu, kamene chiopsezo chake chili pakati pa ziwirizi. Koma zimenezo aweruze ndi dokotala atakuunikani mitsempha, osati mantha. Ulendo ukubwerawu mukafunse tsiku lounikidwa mikono, ndipo kuyambira pano mkono umene simuugwiritsa ntchito kwambiri muuteteze: pasaikidwe dripi, pasatengedwe magazi, kupatula kuseri kwa dzanja ngati palibe kuchitira mwina.

FUNSO

Ndine mnyamata wa zaka 29 ndipo ndili ndi fistula. Amandibaya pamabowo awiri omwewo nthawi zonse. Anamwino amandikakamiza kusamba mkono ndi sopo ndikafika, pomwe ndimakhala nditasamba kale kunyumba ndipo iwonso amapukuta ndi mankhwala. Si kungotaya nthawi kumeneku? Komanso nkhanambo za pamabowo ndimazichotseratu ndi chikhadabo ndili m'njira kuti tisachedwe.

Wofulumira

YANKHO

Achimwene, za chikhadabozo siyani lero lomwe. Ndawerenga kalata yanu kawiri ndipo thupi langa lachita tsembwe.

Njira imene akukubayirani, ya bowo lomwelo nthawi zonse, timaitcha buttonhole. Ili ndi ubwino wake: singano zake n'zosathwa kwambiri, ndipo imathandiza anthu amene malo obayira ndi ochepa. Koma mwa njira zonse zobayira fistula, iyi ndi imene imabweretsa staph m'magazi kawirikawiri. Kubaya pamalo amodzi kumapanga kanjira kokhazikika kuchokera pakhungu kukafika mumtsempha, ndipo chotseka kanjirako ndi nkhanambo yokhayo. Nkhanamboyo imasunga mabakiteriya. Inu mukaitokosa muli m'njira, mwatsekula kanjira ndi chikhadabo, pansi pake pamene pamakhala staph wochokera m'mphuno, kenaka mwavala malaya pamwamba n'kuyenda nako kotsekula mpaka mutafika. Ubwino wonse wa fistula mwautaya pamenepo.

Ndondomeko yake ndi iyi: mkono usambidwe, upukutidwe ndi mankhwala, nkhanambo ichotsedwe yonse ndi kachida kophedwa tizilombo kamene kamabwera kotsekedwa m'paketi, osati nsonga ya singano yobayirayo, kenaka papukutidwenso kachiwiri, paume, ndiye singano ilowe. Kakatsala kachidutswa ka nkhanambo, singano imakakankhira mkati. Zimatenga nthawi, inde, ndipo namwino amene akukuchedwetsani pamenepa ndi amene akukukondani.

Za kusamba: pakati pa bafa lanu ndi mpando wa dialysis mwatuluka thukuta, mwagwira zitseko, foni, ndalama, mwadzikanda kumaso. Mankhwala opukutira amagwira bwino pakhungu loyera. Pa thukuta, mafuta odzola ndi litsiro mphamvu yake imachepa. Sopo amachotsa zimenezo kuti mankhwala afike pakhungu penipeni. Mukasamba musakhudzeponso, ndipo mankhwala akapakidwa musauzire kuti aume msanga, asiyeni aume okha. Pochotsa singano, ngati mumadzigwirira nokha thonje, valani golovesi, ndipo musambe m'manja musanatuluke.

Mufunse ngati anakuyezanipo mphuno. Kwa munthu wa buttonhole amene amasunga staph, zipatala zina zimapaka mupirocin pamabowo singano zikachoka, zina zimasankha kusiya njirayi n'kumasinthasintha malo obayira motsata utali wa mtsempha. Ngati fistula yanu ndi yaitali bwino, funsani ngati simungasinthe. Ndipo bowo likafiira, likatupa, likayamba kutuluka madzi kapena mafinya, kapena nkhanambo ikakula modabwitsa khungu n'kumanyezimira, asabayeponso mpaka dokotala ataona.

FUNSO

Mayi anga awapeza ndi MRSA pakhungu, ndipo tsopano amawakhazika pampando wa kumapeto. Ndamva kuti kachilombo kameneka sikamva mankhwala. Kodi ndiye kuti akadwala palibe chowathandiza?

Mwana wawo wamkazi

YANKHO

Chemwali, chowathandiza chilipo. MRSA ndi staph yemwe uja, kungoti mtundu uwu sufa ndi methicillin ndi mankhwala ena a banja lake, monga cloxacillin ndi cefazolin. Anayamba kudziwika ku England mu 1961, methicillin atangoyamba kumene kugwiritsidwa ntchito. Mankhwala ena monga vancomycin, daptomycin ndi linezolid amamupha. Kusiyana kwake n'kwakuti osankhapo ndi ochepa, ena amafuna kuyezedwa mulingo m'magazi, ndipo kuchira kumachedwerapo. Kukhala naye pakhungu, monga ndanenera kwa mayi a kalata yoyamba, si kudwala. Odwala a dialysis amapezeka naye kawirikawiri chifukwa amakhala kuchipatala nthawi zambiri ndipo alandirapo maantibayotiki ambiri.

Za mpando wa kumapeto musaziwerenge ngati kusalidwa. Staph amatha kukhala wamoyo pamalo ouma kwa milungu, pa mkono wa mpando, pa lamba woyezera BP, pa mabatani a makina. Zipatala zimasiyana kachitidwe: zina zimapatula aliyense wa MRSA, zina zimangopatula amene ali ndi bala lotuluka mafinya. Cholinga n'kuteteza oyandikana nawo, amene ambiri ali ndi makatheta. Ngati mayi zikuwawawa mumtima, auzeni anamwino. Kufotokozeredwa bwino kumachotsa zambiri, ndipo mungafunse ngati adzawayezanso pakapita nthawi, chifukwa anthu ena MRSA amawachoka.

Kwa inu apabanja athanzi chiopsezo n'chochepa. Kusamba m'manja, kusabwerekana tawulo ndi kumanga mabala n'kokwanira. Chimene mungawachitire chachikulu n'kusunga pepala la zotsatirazo, kapena kulijambula pafoni. Tsiku limene adzatenthe thupi, kulikonse kumene mudzapite, mudzalionetse pofika pomwe. Zotsatira za magazi ku labu zimatenga masiku awiri kapena atatu, ndipo pa nthawi yodikirayo dokotala amasankha mankhwala mongoyerekeza. Akadziwa kuti mayi ali ndi MRSA, adzayamba ndi vancomycin kapena mnzake pa ola loyamba lomwe.